Musafunse mtundu wa galu, funsani mtundu wa mwini wake

Mumzinda wa Blantyre muno mwabuka mpikisano wa agalu. Kale munthu akapeza kangachepe ankagula wailesi yaikulu kapena njinga kuti anthu adziwe kuti zinthu zayamba kuyenda. Lero akufuna Boerboel, Rottweiler, German Shepherd kapena pit bull. Fashoniyi ikadathera ku Namiwawa, ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe, komwe kuli mipanda italiitali ndi mabwalo aakulu, bwenzi ndili chete. Koma yafika mpaka kwathu ku Chilobwe, kumene nyumba zidapanikizana m'munsi mwa phiri la Soche, khomo la uyu kuyang'anizana ndi bafa la uyo, tinjira take todutsa munthu mmodzimmodzi.

Ndinene mosapsatira. Ambiri amene akugula zigalu zikuluzikuluzi m'dera ngati lathu alibe malo, chakudya, nthawi ngakhale chidziwitso chozisungira. Akuzunza nyama, komanso akuika ana a anzawo pangozi. Koma inu amene mudaweta galu wachikuda n'kumusiya kuti azidya kudzala musaombe m'manja, chifukwa mlandu wanu ndi womwewo. Chimene chatisokonezera nkhani ya agalu si mtundu wa galu. Ndi mtundu wa mwini wake.

Tiyambire pa kagulidwe. Kagalu kamapezeka pa Facebook, pa WhatsApp, kapena m'mphepete mwa msewu, mnyamata atakakweza m'mwamba kuti a m'galimoto akaone, iko kali wefuwefu padzuwa popanda ndi madzi omwe. Funso la wogula limakhala limodzi: "Ndi pure?" Yankho nalo silisintha: "Pure weniweni bwana, bambo ake adachokera ku Joni." Zikatero nkhani yatha, kwatsala kunenerera mtengo. Palibe wofunsa kuti kagaluko kali ndi masabata angati, make ali kuti, kadabayidwa katemera kapena ayi, kadamwa mankhwala a njoka zam'mimba kapena ayi. Munthu yemweyo akamagula foni yakale pamsika wa Limbe amaitembenuza uku ndi uku, kuyesa batire, kuyesa kamera. Koma chamoyo chimene chikhale pakhomo pake zaka khumi kapena kuposerapo amachigula poona ubweya basi.

Madokotala a ziweto amalangiza kuti kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata 8. Chifukwa chake n'chomveka. Mkaka woyamba wa make ndiwo umakapatsa chitetezo ku matenda, ndipo pamasabata amenewo ndi pamene kamaphunzira khalidwe: kakaluma mnzake mopyola muyeso posewera, mnzakeyo amalira n'kusiya masewerawo, make nayenso amakadzudzula. Wogulitsa sadikira zimenezo. Kagalu ka mwezi umodzi kamaoneka kokongola, ndipo tsiku lililonse limene kakhala pakhomo pake ndi ndalama ya chakudya. Ndiye kamafika kwa mwini watsopano kali kanthete, kamimba kali tuu ndi njoka.

Zotsatira zake ambiri tidaziona. Masiku oyamba kamathamanga, ana akukondwa, akatcha Simba kapena Tiger. Kenako kamasiya kudya, kamagona pakona, kamasanza, kamatsekula m'mimba zamagazi zafungo loti simungaiwale. Pakapita masiku ochepa mumakapeza katauma. Kawirikawiri amenewo amakhala matenda a parvo, amene amagwira kwambiri tiagalu tosabayidwa, ndipo katemera wake alipo. Koma pamaliro a kagalu sipatchulidwa katemera. Pamatchulidwa aneba: "Andithirira tameki, nsanje basi." Udani wa zaka umayambira pamenepo, amayi awiri osapatsananso moto, ana oletsedwa kusewerera limodzi. Mwiniyo, pofuna kuonetsa kuti sagonja, amagula kagalu kena n'kukaika m'khola lomwelo, osadziwa kuti kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kachiwiri nako kamatsatira mnzake. Aneba aja tsopano asanduka mfiti.

Nanga kagalu kakapulumuka n'kukula? Apa m'pamene tiyenera kufunsa kuti agalu amenewa adawetedwera ntchito yanji. German Shepherd, monga timamudziwira lero, adakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi Max von Stephanitz, ndipo ntchito yake yoyamba idali kuweta nkhosa, kuthamanga tsiku lonse kubusa. Rottweiler adatenga dzina ku tauni ya Rottweil, komwe ankakusa ng'ombe ndi kukoka tingolo ta ogulitsa nyama. Boerboel ndi galu wa m'mafamu a ku South Africa, ndipo wamphongo akakula bwino amapyola makilogalamu 60, kulemera ngati munthu wamkulu. Onsewa ndi agalu a ntchito, ofuna malo, ofuna kuyenda, ofuna munthu wowaphunzitsa tsiku ndi tsiku.

Tsono taonani kumene timawaika. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi, pali kakhola ka njerwa zosawotcha kofoleredwa ndi lata lakutha, kofupika moti galuyo sangaimirire bwino. Kutsogolo adatchinga ndi chiguduli kuti asamaone anthu. Mkati muli mbale yophwanyika ya madeya ophika dzulo, ntchentche zili ng'waa, ndipo nsonga za makutu ake zidasanduka zilonda. Mwezi wa Okutobala lata lija limatentha ngati chiwaya, galu wa ubweya wa kumaiko ozizira ali momwemo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Mukafunsa, mwini wake amayankha monyadira: "Asazolowere anthu, azikhala wolusa." Ena amafika pomusakanizira chamba kapena tsabola m'chakudya, ena kumudula makutu ndi mchira ndi lezala, ati aziopsa.

Kumeneko ndi kupenga, ndipo ndi nkhanza. Galu wokulira mumdima saphunzira kulondera. Amaphunzira mantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense. Sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa alendi amene watuluka usiku kukataya madzi. Sasiyanitsa chigawenga ndi mayi amene walawirira kukaima pamzere pa kiyosiki ya madzi, kapena bambo wa makala amene akutsika ndi thumba panjinga kusanache. Galu wolondera bwino ndi amene amadziwa a pakhomo, amadziwa aneba, amadziwa phokoso la masiku onse, ndiye chachilendo chikabwera amachizindikira. Kuti afike pamenepo ayenera kuona anthu, ana, nkhuku ndi njinga akadali wamng'ono, makamaka m'miyezi itatu kapena inayi yoyamba. Amene amamubisa m'khola amachotsa nzeru yomwe akuifunayo.

Ndiye pali nkhani ya mimba. Walira mvula walira matope. Chigalu cholemera ngati munthu chimadya ngati munthu, ndipo sichikula ndi madeya okhaokha. Chimafuna nyama, nsomba, mafupa a kubutchala, mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, mankhwala a njoka, katemera chaka ndi chaka. Pakhomo pamene ndiwo za ana zikuvuta, bonya akugulidwa wa pakambale, galu ameneyu adya chiyani? Mwezi woyamba amadya bwino chifukwa chikondi chikadali chamoto ndipo zithunzi zikupita pa WhatsApp. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi nthiti zili pamtunda, msana uli ndi mphutsi, ndipo usiku amamasulidwa kuti "akadzionere yekha". Kumasula galu wanjala wa makilogalamu 40 pamalo opanda mpanda si ulonda. Ndi kutchera msampha panjira ya anthu.

Ndikudziwa zimene ena anene. "Akulu, inu simudaberedwepo. Akuba ndi enieni, apolisi ali kutali, mlonda sitingamukwanitse." Zoona, ndipo sindikupeputsa mantha a munthu amene adadzukapo n'kupeza zenera lathyoledwa. Koma ntchito yaikulu ya galu usiku ndi kuuwa, kukudzutsani inu ndi aneba. Wakuba amaopa phokoso ndi kuwala, ndipo amene wakonzekera amabwera ndi nyama yothira poizoni, imene galu wanjala amaimeza msanga kuposa wokhuta. Pa ntchito ya kuuwa, galu wachikuda wodya bwino sapambanidwa ndi wina aliyense. Ena anena kuti, "Ndalama ndi zanga, ndigula chimene ndikufuna." Ndalama ndi zanu inde, koma mwendo umene ulumidwe si wanu. Ufulu wanu umathera pamene payambira kanjira kopita kusukulu.

Maiko ena adafika kale pamene tikulowera ifepa. Dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo la agalu oopsa mu 1991, ndipo kuyambira mu 2024 ku England ndi Wales n'kosaloledwa kusunga galu wa mtundu wa XL Bully popanda chilolezo chapadera. Ku South Africa, mu 2022, anthu zikwizikwi adasayina chikalata chopempha boma kuti liletse kuweta ma pit bull pambuyo poti agaluwa apha ana. Ine sindikhulupirira kuti kuletsa mtundu ndiye mankhwala, chifukwa munthu wosasamala mukamulanda pit bull, mawa aononga galu wa mtundu wina. Koma ngati maiko okhala ndi mipanda, zipatala za ziweto paliponse ndi malamulo ogwira ntchito akulimbana nazo chotere, ife tikudalira chiyani?

Tsopano nditembenukire kwa galu amene timamunyoza. Galu wachikuda, wa ubweya waufupi, wa miyendo yowonda ndi mchira wopindika, wakhala ndi makolo athu zaka mazanamazana. Ankapita nawo kuuzimba, ankathamangitsa anyani m'munda, ankachenjeza fisi akayandikira khola. Thupi lake lidazolowera kutentha kwa kuno, ndipo sakhala ndi mavuto a m'chiuno amene amasautsa German Shepherd ambiri akamakula. Makolo ankamupatsa dzina lokhala ndi uthenga, loti ukamuitana madzulo, mnansi wamiseche amve yekha. Ku South Africa agalu a mtundu umenewu adawapatsa dzina loti Africanis ndipo kuli anthu odzipereka kuwasunga. Basenji, amene anthu a ku Ulaya ndi ku America amamugula ndi ndalama zambiri, kwawo ndi ku Congo. Ngakhale Rhodesian Ridgeback, amene muyezo wa mtundu wake udalembedwa ku Bulawayo mu 1922, mzera wa pamsana pake adautenga kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi. Azungu adaona chuma mwa galu wa mu Africa. Ife timamugenda.

Ndipo apa m'pamene pali mlandu wa gulu lachiwiri. Chifukwa tidamupeza ulere kwa achimwene kumudzi, timamuona ngati wopanda mtengo. Sitimupatsa chakudya koma mkute ukatsala. Sitimubayitsa. Wamkazi amaswa kawiri pachaka, ana ake timagawira aliyense wodutsa, otsala timakataya kumtsinje. Agalu amene mumawaona m'magulu usiku pamsika wa Chilobwe kapena ku Zingwangwa sadagwe kumwamba. Ambiri ali ndi makomo awo, ali ndi maina, ali ndi eni ake amene amawakana tsiku limene aluma munthu. Wogula Boerboel chifukwa cha matama ndi wosiya galu wachikuda kudzala amasiyana m'thumba mokha. Onse amafuna ntchito ya galu popanda udindo wake.

Udindo umenewu si nkhani ya chifundo chabe, ndi nkhani ya moyo, chifukwa cha chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamalowera pabala, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita mwezi umodzi mpaka itatu munthu ali bwinobwino, bala litapola, nkhani itaiwalika. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kubwebweta, kutuluka dovu, palibenso dokotala amene angamubweze. Ana ndiwo ali pangozi yaikulu chifukwa ndi aafupi, galu amawaluma kumaso ndi m'khosi, kufupi ndi ubongo, komanso amabisa kabala kakang'ono poopa kukalipiridwa.

Blantyre amaidziwa bwino nkhaniyi. Madokotala a ana pachipatala cha Queen Elizabeth Central adadandaula poyera mu 2012 za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi bungwe la Blantyre SPCA, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda muno m'masiku 20 a ntchito, pafupifupi agalu 79 mwa 100 alionse. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika kuchipatala ndi matendawa adachepa. Amene adaona mizere ya katemerayo pamabwalo a sukulu akukumbukira kuti ambiri ogwira zingwe adali ana, anyamata a pulayimale atamanga agalu awo ndi luzi kapena chidutswa cha chitenje. Ana adamvetsa. Akuluakulu ena mpaka lero amati katemera amafoola galu, amamuchotsa ukali. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza lakupha. Chiwewe sichifunsa kuti galu ndi pure kapena wachikuda.

Choncho amene mukufuna kulandira kagalu pakhomo, yambani ndi mafunso a inu eni musanafunse wogulitsa. Kodi pali mpanda woti galu sangadumphe kapena kukumba? Ngati muli pa lendi, eni nyumba ndi anzanu a pa poloti avomera? Kodi bajeti ya mwezi ili ndi malo a mimba ina? Ndani aziyenda naye, ndani azitola zonyansa zake? Mayankho akakhala bwino, pitani mukaone make wa kagaluko ndi maso anu, muone kumene kakugona, ndipo musakatenge kasanakwane miyezi iwiri. Sabata yoyamba kaonane ndi dokotala wa ziweto kapena alangizi a ziweto, kalandire katemera ndi mankhwala a njoka, ndipo khadi lake mulisunge monga mumasungira la kusikelo. Kapatseni pogona pouma, pamthunzi, ndi madzi osatha. Kazolowere kugwiridwa ndi ana, koma anawo muwaphunzitse kuti galu sakokedwa mchira, salandidwa chakudya, sadzutsidwa ndi mwala. Kakalakwa musakamenye ndi chikuni, chifukwa galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja, ndipo dzanja limene adzalume ndi la mwana. Kakafika msinkhu, kafulitseni kapena kukatseketsa ngati simukufuna ana ake. Galu wofulidwa sasiya kulondera, amangochepetsa kuyendayenda.

Tsoka likagwa, galu waluma kapena wakanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire tsabola, musawotche ubweya wa galuyo n'kupaka pabala, musadikire kuti muone ngati litupe. Galuyo amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, a zaziweto adziwitsidwe. Ndipo inu eni galu, musathawe. Tulutsani khadi la katemera, perekezani wolumidwayo, lipirani zoyendera. Kukana galu wako pamene mwana wa mnzako akutuluka magazi ndi khalidwe lochititsa manyazi kuposa la galuyo.

Akuluakulu a mzinda nawo ali ndi gawo lawo. Kuombera agalu oyendayenda kumasangalatsa anthu sabata imodzi, koma sikuthetsa chiwewe: kumapha ndi obayidwa omwe, ndipo eni ake amangokatenga tiagalu tina tosabayidwa. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ilimbike pa zinthu zogwirika. Malonda a tiagalu m'mphepete mwa misewu athe. Aliyense woweta agalu ogulitsa adziwike ndipo azipereka khadi la katemera pamodzi ndi kagalu. Wosunga galu wamkulu pamalo opanda mpanda alipitsidwe galuyo asanalume munthu, osati pambuyo pake. Mafumu athu ndi atsogoleri a m'mabuloko, amene amadziwa khomo lililonse pakagwa maliro, angathenso kudziwa khomo lililonse lokhala ndi galu wosabayidwa. Eni nyumba za lendi, amene amafunsa mlendi kuti ali ndi ana angati, afunsenso za galu. Dziko lonse lidagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu, ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse timakumbutsana zimenezi. Lonjezo limenelo silidzakwaniritsidwa m'maofesi a WHO ku Geneva. Lidzakwaniritsidwa kapena kulephereka m'makomo a ku Chilobwe, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Mbayani.

Sindikudana ndi agalu achizungu. Amene ali ndi bwalo, mpanda, ndalama ndi nthawi, asunge Rottweiler wake, amuphunzitse, ayende naye pa chingwe, ndipo ndidzamupatsa ulemu. Chimene ndikukana ndi kugula galu kuti aneba akuopeni, kapena kumuweta chifukwa adabwera ulere. Ngati simungathe kumudyetsa tsiku lililonse, kumubayitsa chaka chilichonse ndi kumuyankhira mlandu tsiku limene walakwa, musaweteko galu wa mtundu uliwonse. Gulani loko wolimba, ikani babu panja, sungani wenzulo pafupi ndi bedi, ndipo lowani nawo gulu la achitetezo cha m'dera. Zimenezo sizifuna madeya, ndipo sizidzaluma mwana wa munthu.